M'kamwa mwa a Sefu

Nasibu anafika kwa Shehe Sudi Kalowa dzuwa lili paliwombo, anthu atangotuluka mu swala, pemphero la masana. Galimoto anaisiya kumsewu chifukwa kanjira ka kwa a Shehe n'kopapatiza, moti pofika pakhomo nsapato zake za m'tauni zinali zitachita mbuu ndi fumbi. Anawapeza a Shehe atakhala pamkeka pakhonde, akusoka chigamba pamkanjo wawo. Munthu ameneyu anaphunzitsa maimamu ambiri a kuno ku Nkhotakota, koma ukamupeza pakhomo osamudziwa, ukhoza kumutuma kuti akakuitanire mwini nyumba.

"Assalaamu alaikum, a Shehe."

"Wa alaikumu ssalaam, a Nasibu. Fikani pamkeka pano. Pakhomo mwasiya bwanji?"

"Pakhomo sipali bwino, a Shehe."

Nasibu anali mwana wamwamuna yekhayo wa a Sefu, muazini wa mzikiti wathu, amene anaitanira anthu ku swala zaka makumi anayi mpaka miyendo itakana. Nasibuyo ankakhala ku Lilongwe, komwe anali ndi sitolo ya nsalu. Anali munthu wabwino, zimenezo sindingakane, koma anali uja amene akamafunsa funso amakhala atabwera kale ndi yankho m'thumba. Tsiku limenelo anabwera chimanjamanja. Maso anali psuu, ndipo chipewa anachivala mopendeketsa osadziwa.

"A Shehe, ndabwera ndi funso lolemera," anatero. "Kodi ndi tchimo lanji limene limamanga munthu pakamwa, kuti pa nthawi yake yotsiriza alephere kutchula kalima?"

Kalima ndi mawu aja ochitira umboni, Laa ilaaha illallah, kuti palibe wina wopembedzedwa koma Allah yekha. Msilamu aliyense amapempha kuti mawu ake omaliza padziko adzakhale amenewa, ndipo abale amamukumbutsa pang'onopang'ono kukhutu akaona kuti nthawi yayandikira.

A Shehe anabaya singano pamkanjo n'kuuika pambali. "Mukunena za a Sefu."

"Eya, bambo anga. Masabata atatu tsopano sanatulutse liwu. Ine ndafika masiku anayi apitawa ndipo ndadzionera ndekha. Tikawatchulira kalima kukhutu, amaluma mano gwa, n'kutembenukira kukhoma, misozi ili chuchuchu. Munthu amene anadzutsa mudzi wonse ndi dzina la Allah zaka makumi anayi! Bambo aang'ono a Mpemba akuti pali chimene anabisa. Ena akukumbutsa za mkangano wa malire a munda. Ena akunong'ona kuti ali mnyamata anapita kwa sing'anga kuti mawu awo azimveka patali. Ine poyamba ndinakalipa, a Shehe, ndinathamangitsa anthu pakhomo. Koma ndikawayang'ana akukana chonchija, mutu wanga umaima. Kodi ndimawadziwa bambo angawa? Kapena ndinkangodziwa mawu awo? Ndamvera maulaliki ambiri pafoni onena za mathero oipa, ndipo aliyense akutchula tchimo lakelake. Ndiuzeni lenilenilo, kuti ngati n'kupepesa munthu ndikapepese, ngati n'kupereka sadaka ndipereke, nthawi isanathe."

A Shehe anafunsa, "Phala akudya?"

Nasibu anawayang'ana ngati sanamve bwino. "Phala? Ayi. Achemwali a Sakina akawayandikiza supuni, amakana."

"Madzi?"

"Amakananso. Mwina kadontho."

"Pepani, a Nasibu, ndifunsenso chimodzi. Mukawayandikira kumaso, pamamveka fungo?"

Nasibu anapsa mtima. Iye anabwera kudzafunsa za moto ndi Jannah, munda wa mtendere wa olungama, ndipo munthu wophunzira chonchi akumufunsa za fungo! Ulemu wokha ndi umene unamugwira lilime. "Fungo limakhalapo pa wodwala aliyense, a Shehe. Ndinagula lubani wabwino, tikufukiza m'chipindamo usana ndi usiku. Bambo anga sindinawataye."

"Sindinaganize choncho," anatero a Shehe. "Tiyeni tikawaone."

Analowa m'nyumba. Nasibu ankayembekezera kuti atuluka ndi limodzi la mabuku awo akuluakulu a Chiarabu, koma anatuluka ndi kamtengo ka mswachi kakawisi ndi chilemba chakale chochapa bwino, nsalu yoyera ija amakulunga kumutu.

"Buku simutenga, a Shehe?"

"Lero ayi."

Njira yonse Nasibu anali kudziguguda mumtima. Mwina a Shehe akalamba. Mwina sanamve funso. Mwinanso yankho akulidziwa, koma n'loipa kwambiri moti akuopa kulinena. Ganizo lomalizali ndi limene linamuopsa kwambiri.

Kwa a Sefu anapeza chipinda chili thothotho ndi amuna owerenga Yasini, ndime za m'buku loyera zowerengera wodwala, zenera lotseka, utsi wa lubani uli tolo mpaka kudenga. A Shehe anapereka salamu kwa aliyense ndi dzina lake, kenako anati, "Akuluakulu, kuwerenga kwanu n'kwabwino, musakusiye. Koma ndikupempha mukapitirize pansi pa mango paja. Allah amamva ndi panja pomwe."

A Mpemba anatuluka pomaliza, akupukusa mutu. Pakhomo anamukoka Nasibu dzanja n'kumunong'oneza, "Uwafunsitse. Mkulu wangayu ndimamudziwa ine."

A Shehe anapempha kuti lubani atulutsidwe ndi kuti zenera litsegulidwe. Kenako anaitana Sakina, mlongo wake wa Nasibu, amene ankasamalira a Sefu chimwalirire mayi awo. "Mwana wanga, ndiwiritsireni madzi, muwasiye azizire afike pofunda. Muthiremo kamchere kongotsina. Mubweretsenso sopo, beseni ndi timafuta tophikira m'kasupuni."

A Sefu anali chigonere pamatilesi, thupi litatha, masaya atalowa. Milomo inali yong'ambikang'ambika, yakuda m'mbali. Ataona anthu akuwerama pa iwo, anayamba kutembenuzira nkhope kukhoma.

"Mwaona, a Shehe?" ananong'ona Nasibu. "Ndi zomwezi."

A Shehe anagwada. Sanatchule kalima. Anati, "A Sefu, ndine Sudi. Sindinabwere kudzakufunsani kanthu, ndipo musavutike n'kundiyankha. Ndikupempha chilolezo ndikunyowetseni milomo. Mukakana, ndisiya."

Nkhope ija inaima, osapitiriza kutembenuka.

A Shehe anasamba m'manja ndi sopo mpaka m'zigongono, anang'amba kachidutswa ka chilemba, anakaviika m'madzi n'kukafinya. Anakakhudzitsa pamilomo, n'kudikira. Anakhudzitsanso, n'kudikiranso. Anachita zimenezi nthawi yaitali moti Nasibu anayamba kusinthanitsa miyendo. Kodi imeneyi ndi duwa, pemphero la mtundu wanji? Anayang'anitsitsa milomo ya a Shehe kuti aone ngati akuwerenga chamumtima, koma inali phee.

Pang'ono ndi pang'ono milomo ya a Sefu inalekana. Munaoneka mano oyera mbee, ondondozana bwino ngati a mnyamata wa zaka makumi awiri.

"Manowa ndi awo?" anafunsa a Shehe.

"Ndi oikirira," anayankha Nasibu, ndipo ngakhale pa nthawi ngati imeneyo kachifuwa kanatukumuka pang'ono. "Ndinawatengera ine kwa dokotala wa mano ku Lilongwe chaka chatha. Awo enieni anatsala atatu okha, am'munsi."

"Munachita bwino. Anachotsedwa liti komaliza?"

Nasibu anayang'ana mlongo wake. Sakina anayang'ana pansi.

"Nenani, achemwali," anatero Nasibu.

"Kale ankachotsa okha, a Shehe," anatero Sakina. "Ankawatsuka okha n'kuwaika m'kapu pogona. Manja atafooka, ndinaimbira achimwenewa foni kuti nditani. Iwo anati manowo asachoke, anthu akubwera kudzazonda, asawaone bambo pakamwa patafota ngati munthu wopanda ana. Ndiye inenso, mwana wamkazi, kupisa chala m'kamwa mwa bambo anga? Ndinaopa. Ndimawasambitsa, ndimawatembenuza, ndimawachapira, koma m'kamwa sindinayang'anemo."

"Papita nthawi yaitali bwanji?"

"Mwezi wakwana."

Nasibu anatsegula pakamwa kuti akane, koma mawuwo anawakumbukira bwinobwino. Anawanena ali m'sitolo, foni ili paphewa, akuyezera munthu nsalu. Komabe sanaone kuti zikugwirizana pati ndi funso lake. Mano ndi mano, kalima ndi kalima.

"Palibe amene ndikumuimba mlandu," anatero a Shehe. "Wina anaopa chifukwa cha ulemu, wina analamula chifukwa cha ulemu. A Nasibu, sambani m'manja."

"Ine?"

"Inu."

"A Shehe, chala changa m'kamwa mwa bambo anga? Kwathu kuno zimenezo sizichitika."

"Muli ndi zaka zisanu munatsamwa ndi munga wa chambo pa chakudya cha Idi, kuseri kwa mzikiti. Ine ndinalipo. Amene anapisa chala kukhosi kwanu ndi awa agona apawa, ndipo munawaluma mpaka magazi. Sanafunse ngati zimachitika."

Nasibu anasamba m'manja.

A Shehe anapempha Sakina kuti atsamiritse mutu wa a Sefu pamtsamiro n'kuupendeketsa cham'mbali, kuti madzi asalowe kukhosi. Kenako anawauzanso a Sefu chimene chichitike, ndipo anamulangiza Nasibu pogwira. Manowo sanavute n'komwe. Anali atakhwepa kalekale, chifukwa munthu akamaonda nkhama nazonso zimaphwa, ndipo mano amene ankakwana chaka chatha amayamba kugwedera n'kumacheka. Manowo atatuluka, fungo linadzaza chipinda chonse. Sakina anagwira pakamwa n'kuyamba kulira.

"Yang'anani," anatero a Shehe. "Musathawitse maso."

Nasibu anayang'ana. Pansi pa mano oikirirawo panali phala la masabata apitawo litaumirira. Nkhama zinali zofiira, zotupa, ndipo mbali imodzi panali chilonda chachitali pomwe m'mphepete mwa manowo munkadula. Lilime linali louma gwa, long'aluka, litakutidwa ndi zoyera zangati mkaka wowundana, mpaka m'masaya ndi kumwamba. Limodzi la mano atatu otsala aja linali litazunguliridwa ndi mafinya.

Nasibu anakhala pansi. Manyazi amene anamugwira sanawamvepo chibadwire. Masiku anayi anakhala pambali pa munthuyu akumufuulira kukhutu kuti atchule, atchule, ndipo usiku ankagona akuwerenga machimo amene bambo ake mwina anachita. Pomwe chimene chinkawacheka m'kamwa anachigula ndi iyeyo, n'kuchinyadira kwa anzake.

"A Shehe," anatero, "ndiye kuti... kutembenukira kukhoma kuja?"

"Yesani kunena Laa ilaaha osagwedeza lilime. Ndiye muganize lilimelo lili chonchi, ndi utsi pamwamba pake. Munthu aliyense woyandikira kumaso kwawo ankabwera ndi supuni kapena ndi lamulo. Inu mukanatembenukira kuti?"

"Koma munadziwa bwanji, muli kwanu pakhonde?"

"Sindinadziwe, ndinangokayikira. Ine si dokotala, a Nasibu. Koma ndasambitsa maliro ambiri m'dera lino, ndipo mukudziwa kuti posambitsa timakulunga kansalu kuchala n'kupukuta mano a womwalira. Zimene ndimaona sinditchula mwini wake, n'zoletsedwa. Ndingonena kuti nthawi zambiri chala changa chimakhala choyamba kulowamo patapita miyezi. Timawatsuka m'kamwa atasiya kumva ululu. Zimenezi zimandisowetsa mtendere."

Anang'amba kachidutswa kena n'kumukulunga Nasibu kuchala. "Viikani, mufinye kwambiri. Musathire madzi m'kamwa, angatsamwe. Yambani m'tsaya, pang'onopang'ono, kuchokera mkati kubwera kunja. Chimene chakana kuchoka musakande, chinyowetseni, chidzachoka nthawi ina. Kansalu kakada, tayani, mutenge kena."

Nasibu atakhudza pachilonda, a Sefu anabuula, iye n'kudzidzimuka kubweza chala.

"Ndawapweteka."

"Apepeseni, mudikire, kenako mupitirize. Auzeni chimene mukuchita. Makutu awo ali bwinobwino."

Apa m'pamene Nasibu anazindikira. Makutu ali bwinobwino! Ndiye kuti za malire a munda zija, za sing'anga zija, zonse zimene zinkanenedwa m'chipinda muno, a Sefu ankazimva, osatha kuyankha.

"Bambo," anatero, "ndine Nasibu. Pepani. Ndikupukuta mbali inayi tsopano."

Ntchitoyo inatenga nthawi. Chilemba cha a Shehe chinatha theka. Pomaliza anapaka timafuta pamilomo, ndipo Sakina anatenga mano oikirira aja kukawatsuka n'kuwaika m'kapu. A Shehe anati asabwezeredwenso. Anatinso mawa m'mamawa wina apite kuchipatala chaching'ono akaitane adokotala, chifukwa zoyera zija zili ndi mankhwala ake, ululunso uli ndi mankhwala ake, ndipo zimenezo iwo sangazithe. Pakali pano azipukuta m'mawa, masana ndi madzulo, ndipo milomo azinyowetsa nthawi iliyonse ikauma.

"Achira, a Shehe?" anafunsa Sakina.

"Za kuchira sindikulonjezani, mwana wanga. Ndikuona ngati ulendo wayandikira, koma mwini kudziwa ndi Allah. Chimene tingathe ife n'chakuti asaupite akumva moto m'kamwa."

Popanda mano aja, pakamwa pa a Sefu panafotadi monga Nasibu ankaopera. Koma makwinya a pamphumi anali atamasuka, ndipo maso awo anali pa chinthu chimodzi, kamtengo ka mswachi kamene kanasuzumira m'thumba la a Shehe. A Shehe anaseka pang'ono.

"Ndinadziwa kuti muufuna. Bambo anuwa, a Nasibu, sanaitanepo azana, kuitanira anthu ku swala kuja, osayamba atsuka m'kamwa. Ankati sangatulutsire dzina la Allah pamalo osasesa." Anasinja nsonga ya kamtengoko pamwala mpaka inafewa ngati thonje, anainyowetsa, n'kuika kamtengoko m'dzanja la a Sefu. "Ngakhale Mtumiki, mtendere ndi madalitso zikhale pa iye, pa tsiku lake lomaliza anafuna mswachi, ndipo anachita kumufewetsera. Athandizeni kukweza dzanja. Pa mano atatuwo pokha, mopepuka."

Nasibu anagwira dzanja la bambo ake n'kulikweza. Linali lopepuka ngati phesi. Mswachi unangokhudza mano kawiri, katatu, dzanja n'kutopa.

Koma funso lija linali lisanamuchoke. Zilonda anaziona ndi maso ake, inde. Nanga bwanji ngati zonse ziwiri zili zoona, zilonda zilipo, tchimonso lilipo? Bwanji ngati m'kamwa mwayera koma n'kukanabe? Panja a Mpemba anali kudikira yankho, ndipo pofika mawa mudzi wonse udzakhala utamva.

"Ndiwatchulire tsopano, a Shehe?"

"Asiyeni apume."

"Koma nthawi..."

"Asiyeni apume, a Nasibu."

Panja amuna aja anali atamaliza kuwerenga. Kenako kuchokera kumzikiti kunamveka azana ya swala ya Asiri, ya chakumadzulo. Woitanayo anali mphunzitsi wa madrasa amene analowa m'malo mwa a Sefu, munthu wa mawu opyapyala amene a Sefu ankakonda kumuseka kuti amathamanga ngati wasiya mphika pamoto.

Maso a a Sefu anatembenukira kuzenera. Milomo ija inayamba kugwedera. Sinkathamanga ngati woitanayo, inkatsalira m'mbuyo, kukoka mzere uliwonse monga ankakokera eni ake pa nthawi yawo. Azana itafika pa mawu ake omaliza, amene ndi kalima yomweyo, chala cholozera cha dzanja lamanja chinadzuka pang'ono pabulangeti, n'kugweranso pansi.

Nasibu anali ataika khutu lake pafupi penipeni ndi pakamwa pawo. Anamva mpweya wofunda, wonunkhira mswachi. Liwu sanalimve ngakhale limodzi.

Anadzuka, nkhope itasokonezeka kuposa mmene anafikira pakhonde paja. "Achemwali, mwamva?"

Sakina anapukusa mutu, misozi ili m'masaya.

"A Shehe, inu mwamva? Milomo yagwedera, ndaona, ndi chala chomwe. Koma mwina amangotafuna. Mwina amafuna madzi. Anena kapena sananene? Ndikatuluka panjapa, ndikawauze chiyani bambo aang'ono?"

A Shehe anang'amba kachidutswa kena ka chilemba, anakaviika m'madzi, anakafinya, n'kukaika m'dzanja la Nasibu.

"A Mpemba mukawauze kuti mkulu wawo ali ndi zilonda m'kamwa, ndipo ngati akufuna kuthandiza asambe m'manja. Koma mawu mukufunawo sakupita kwa a Mpemba, sakupita kwa inu, sakupitanso kwa ine. Mwini wake, Allah, wakhala akuwamva masabata atatu onsewa, pakamwa pali chitsekere. Ife sitinapatsidwe ntchito yomvetsera, a Nasibu, tinapatsidwa kansaluka. Taonani, milomo yaumanso. Anyowetseni bambo anu."